Njoka ya pa ambulansi ndi kachingwe ka ambuya

M'kalasi lathu la Baibulo la Loweruka, abusa anatipatsa ntchito yofufuza kumene zinachokera zizindikiro zimene anthu amati n'zausatana. Ine yankho ndinali nalo kale: zonse n'zachikunja, basi. Ndinakula nthawi imene mphekesera za usatana zinali pakamwa pa aliyense muno m'Chipata, moti mwana akajambula nyenyezi kuchikuto cha kope ankaitanitsidwa makolo.

Ndinayamba ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ija. N'zoona, ndi yakalekale. Imapezeka pa mapale a ku Mesopotamia, ndipo otsatira a Pythagoras, katswiri wa masamu wa Agiriki akale, ankaitenga ngati chizindikiro cha thanzi. Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti Akhristu akale a ku Ulaya ankaonamo mabala asanu a Khristu. Zoti ikazondoka imaimira zoipa anazifalitsa ndi Éliphas Lévi, wolemba za matsenga wa ku France, m'zaka za m'ma 1850, yemweyo amene anajambula Baphomet, chithunzi chija cha munthu wa mutu wa mbuzi. Kenako Church of Satan ya Anton LaVey, imene inayamba mu 1966 ku San Francisco, inatenga nyenyezi yozondokayo kukhala mbendera yake. Diso la pa dola ya ku America, limene anthu amati n'la gulu lachinsinsi la Illuminati, nalo linkajambulidwa m'matchalitchi kutanthauza kuti Mulungu amaona zonse, pomwe gulu la Illuminati, limene linayamba ku Bavaria mu 1776, boma linalitseka zaka khumi zisanathe.

Koma pamene mtima wanga unaima ndi pa njoka. Tsiku lina ndikuchokera ku msika wa Kapata, ambulansi inandidutsa, pakhomo pake pali njoka yokulunga ndodo. Imeneyo ndi ndodo ya Asclepius, mulungu wa machiritso wa Agiriki, ndipo ilinso pa chizindikiro cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Chikunja chenicheni. Komatu galimoto yotereyi ndi imene inanyamula amayi anga usiku wina, ine ndili pambali pawo ndikupemphera, ndipo lero ali moyo, akulima.

Ndiye ndinatsegula Numeri 21, pamene Mose anapanga njoka yamkuwa molamulidwa ndi Mulungu mwini, kuti olumidwa akaiyang'ana achire. Pa 2 Mafumu 18:4, mfumu Hezekiya anaiphwanyaphwanya njoka yomweyo, chifukwa Aisraeli anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Chiyambi chake chinali choyera, koma inasanduka fano. Vesi limeneli ndinaliwerenga katatu.

Linandikumbutsa ambuya kumudzi ku Katete. Mwana wanga ali ndi miyezi inayi, anam'manga kachingwe kakuda m'chiuno, kali ndi mphinjiri. Ndinakadula ndi lezala pamaso pawo, ndi mawu aukali. Iwo anangoti, "Mdzukulu wanga, ine ndimafuna mwanayu akule," n'kulowa m'nyumba. Kudulako sindikudandaula nako, pakuti Deuteronomo 18 amaletsa zoombeza ndi zanyanga mosapsatira, ndipo a ku Efeso anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Chondipweteka n'chakuti tsiku lomwelo m'chikwama mwanga munali kabotolo ka madzi opemphereredwa, kamene sindinkakwera basi popanda iko. Ndikakaiwala, mtima unkagunda ulendo wonse. Mantha a ambuya ndi anga anali amodzi, ndipo tonse tinawapachika pa kanthu kogwirika.

Paulo akuti fano si kanthu, koma akuchenjezanso kuti nsembe zoperekedwa kwa ilo zimapita kwa ziwanda. Choncho sindikunena kuti Mkhristu azivala mutu wa mbuzi pakhosi, ayi. Amene anaupanga ananena poyera chimene ukuimira.

Madzi aja ndinathirira rape kudimba Lachitatu lapitali. Loweruka ndikapereka zimene ndapezazi m'kalasi, kenako ndikwera basi wa ku Katete, ndi shuga ndi sopo, kukapepesa kwa ambuya chifukwa cha mawu aja.