Amisiri awiri amene anagwira denga la nyumba ya mayi anga

Nyumba ya mayi anga ili ku Machinjiri, mumzinda wa Blantyre, ndipo anaimanga ndi malemu bambo anga ine ndili wamng'ono. Denga lake linayamba kudontha zaka zingapo zapitazo, koma poti kunali kudontha kwa apa ndi apo, tinkangotchera mabeseni n'kumadikira kuti dzinja lithe. Mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anabweretsa mvula ya masiku angapo osalekeza, nyumbayi sinagwe monga zinagwera nyumba za ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche, kumene anthu ambiri anataya miyoyo yawo. Komabe siling'i ya m'chipinda chawo inanyowa mpaka kufufuma, ndipo denga la pakhonde linapendekera mbali imodzi. Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe, choncho udindo wopeza mmisiri unagwera ine, munthu wokhala kutali ndi nyumbayo.

Ndinazengereza mpaka mwezi wa Okutobala, ndipo mitambo itayamba kusonkhana masana ndinayamba kuchita zinthu mwaphuma. Mmisiri woyamba ndinamupeza kudzera mwa munthu wina amene anangoti amamudziwa. Anafika, anazungulira nyumba kamodzi ali pansi, n'kutchula mtengo pomwepo, ndipo mtengowo unali wotsika moti ndinasangalala. Anapempha ndalama zonse za zipangizo pamodzi ndi theka la malipiro ake, ine n'kutumiza pafoni ndisanaone ngakhale msomali umodzi. Patatha masiku anayi anandiimbira kuti ntchito yatha, ndipo pa zithunzi zimene ananditumizira malata atsopano ankawala bwino.

Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, mayi anandiimbira usiku kuti madzi akulowa malo ambiri kuposa kale. Foni ya mmisiri uja sinkapezekanso. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho cha 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya malata, sementi ndi misomali inakwera nthawi yomweyo, kotero kuti ndalama zimene ndinataya sizikanagulanso zipangizo zofanana ndi zija. Sindinganene motsimikiza kuti munthuyo anali wakuba, chifukwa n'kutheka kuti ntchito ya denga sankaidziwa mokwanira koma anaopa kukana ganyu. Inenso ndinali ndi mbali yanga, pakuti ndinapereka nyumba ya kholo langa m'manja mwa munthu amene ntchito yake sindinaionepo.

Dzinja limenelo tinalidutsa ndi mapepala a pulasitiki ndi phula lomata mabowo. Chilimwe chitafika ndinatenga tchuthi, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi kuyenda m'dera lathu ndikuyang'ana madenga. Nyumba ikandisangalatsa ndinkaodira n'kufunsa eni ake kuti anakhoma ndani, anakhoma liti, ndiponso ngati denga linadonthapo kapena kusasuka pa nthawi ya Freddy. Nyumba zitatu zinanditchulira munthu mmodzimodzi, bambo wina wachikulire amene anaphunzira ukalipentala ku Soche Technical College ndipo ali ndi satifiketi ya trade test, ya mayeso oyesa luso la amisiri. Pepalalo ndinaliona ndipo linandilimbitsa mtima, ngakhale ndikudziwa kuti kuli amisiri ambiri aluso amene anaphunzira ntchito ponyamulira anzawo zida ndipo alibe pepala lililonse. Chimene chinandikhutiritsa kwenikweni chinali madenga atatu aja, amene anali atapirira mvula ya zaka zingapo.

Tsiku limene anabwera anakana kutchula mtengo asanakwere. Anapempha makwerero, analowa m'siling'i ndi tochi ndi msomali wautali m'manja, ndipo anakhalamo nthawi yaitali akubaya matabwa limodzilimodzi. Kenaka anandiitana kuti, "Bambo, takwerani mudzaone ndi maso anu, chifukwa ndikangokuuzani muganiza kuti ndikufuna kukweza mtengo." Ndinakwera, ndipo zimene anandisonyeza ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi.

Mitanda iwiri ikuluikulu inali itadyedwa ndi chiswe mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino, moti msomali unkalowa ngati ukulowa m'chinangwa chophika. Mmisiri woyamba uja anangokhoma malata atsopano pamwamba pa mitanda yomweyo. Mapaso amene anawonjezera anali a matabwa aawisi, ndipo pouma anapindika n'kusiya misomali ikugwedera m'mabowo. M'malo ena misomali inakhomedwa m'ngalande za malata, mmene mumayenda madzi, pamene malo ake ndi pamsana pa mzere wokwera. Malata anawalumikiza mongogundanitsa mzere umodzi pofuna kuti achepe, chonsecho pamafunika kuti lina likwere pa linzake mzere umodzi ndi theka, kuti mvula ya mphepo isalowe m'mbali. Ndiponso malatawo anali a geji 32, pamene tinagwirizana a geji 28. Pa malata, nambala ikamakula ndiye kuti lata likupyapyala, ndipo ambiri a ife amene si amisiri sitidziwa zimenezi, timangoona kuwala.

Koma chimene bamboyo anachitenga kukhala chachikulu kuposa zonse sichinali kudontha. Anandisonyeza mawaya amene amamangirira mitanda ku chipupa, ndipo ambiri anali atadyeka ndi dzimbiri, ena ataduka kale. Anandifotokozera kuti mphepo yamkuntho ikawomba sikankhira denga pansi ayi, imalowa kunsi kwa khonde ndi m'mphepete mwa malata n'kulinyamula, ndipo ngati denga silinamangiriridwe ku chipupa limachoka lonse lathunthu ngati chivundikiro cha poto. N'chifukwa chake m'makwalala athu timaona miyala, njerwa ndi matayala akale pamwamba pa nyumba, eni ake akuyesa kulemeretsa denga limene silinagwidwe bwino kunsi. Mayi anga anagona dzinja lonse pansi pa denga lotere ine ndikudandaula za mabeseni okha, ndipo ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Tinakhala pakhonde ndi kope, mayi ali pomwepo, ndipo tinalemba zonse. Iye analemba mndandanda wa zipangizo: malata angati a mafiti angati, matabwa a saizi yanji, makilogalamu angati a misomali, waya, mankhwala a chiswe ndi matumba a sementi. Malipiro a ntchito yake tinawalemba padera, osawasakaniza ndi ndalama za zipangizo, chifukwa pamene ziwirizi zaphatikizidwa m'pamene mmisiri amakopeka kugula zotchipa kuti yotsalayo ikhale yake. Kogula tinapita limodzi, iye akusankha, ine ndikulipira ndi kusunga malisiti. Pa matabwa anatenga nthawi yaitali, akunyamula lililonse kuti amve kulemera kwake ndi kuliyang'ana m'litali ngati lili lowongoka. Anandiuza kuti matabwa a paini ouma bwino akusowa masiku ano poyerekeza ndi kale, pamene nkhalango ya Chikangawa inali isanathe ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa, ndipo ambiri amene ali pamsika amachekedwa mitengo isanakhwime. Amene tinagula anawaimika pamthunzi kwa masabata awiri, kenaka anawapaka mankhwala asanawakweze.

Malipiro tinawagawa patatu: gawo loyamba poyamba ntchito, lachiwiri mitanda ndi mapaso zikakwera ine nditaziona malata asanaphimbe, ndipo lomaliza, lochepa, mvula yoyamba yamphamvu ikagwa. Ndinkaopa kuti gawo lomalizali alikana, koma anavomera mosavuta, n'kunena kuti ntchito ya denga woiyesa wake ndi mvula. Iyenso anali ndi zake zimene anafuna kuti zilembedwe, ndipo zinanditsegula maso. Anafuna kuti tsiku lolipira likafika ndisamuuze kuti abwere mawa, kuti ndikasintha maganizo pakati pa ntchito tikambiranenso mtengo, ndiponso kuti zidziwike ngati chakudya cha masana cha iye ndi mnyamata wake chili kwa ife kapena kwa iwo. Anandiuza kuti pali nyumba zingapo zimene anamaliza kalekale koma eni ake sanamalize kumulipira, ndipo ena amamuzemba akamuona pamsewu. Timakonda kudandaula za amisiri othawa ndi ndalama, koma eni nyumba amene amadyera amisiri masuku pamutu aliponso ambiri, ndipo mmisiri amene wanenereredwa mtengo mpaka kutsala wopanda phindu amakabweza pa misomali ndi pa matabwa, pamalo pamene mwini nyumba saona. Tinalembanso kuti malata akale ndi zidutswa za matabwa zitsala pakhomo, chifukwa tinthu totere timayambanitsa anthu ntchito ikatha.

Ntchito inayamba mu Seputembala 2024 ndipo inatenga masiku 12. Anasasula mbali imodzi n'kuimaliza asanayambe inayo, kuti mayi asagone pamtetete. Malata a geji 32 aja sanawataye, anawagwiritsa ntchito pa khola la nkhuku ndi pa bafa la panja. Pakhonde anapeza kuti nsanamira za bulugama zinazikidwa m'dothi mwachindunji ndipo zinaola kunsi, n'chifukwa chake denga lake linapendekeka. Anaika zina pa timaziko ta konkire tokwera pang'ono kuti mtengo usakhudze chinyezi, ndipo pansi pa khonde anapakonzanso kuti madzi azitsetserekera kubwalo m'malo molowera kuchitseko. Pamene anafika pafupi ndi waya wa magetsi wolowa m'nyumba anaima, nati imeneyo si ntchito yake, ndipo tinaitana wodziwa zamagetsi. Kukana kumeneku kunandiwonjezera chikhulupiriro mwa iye, chifukwa munthu woyamba uja ankavomera chilichonse chimene ndatchula, kuyambira mipope mpaka mawaya.

Pakati pa ntchito anapezanso felemu ya zenera la kukhitchini itadyedwa ndi chiswe. Sanaikonze mwakachetechete kuti adzanditchaje pamapeto, koma anandiimbira, anatchula mtengo wake, ndipo nditamuuza kuti ndalama zatha anangoipaka mankhwala n'kuilemba m'kope muja kuti idikire chaka china.

Mvula yamphamvu inagwa usiku wina kumayambiriro kwa dzinja, ndipo m'mawa mwake, ine ndisanaimbe n'komwe, bambo aja anafika okha pa njinga yawo. Mayi akuti anawalonjera, anapempha makwerero, nalowanso m'siling'i ndi tochi ija. Anapeza kadontho kamodzi pafupi ndi msana wa denga, pamene msomali wina unalowa mopendekeka, ndipo anauzula, anamata bowolo n'kukhoma wina. Atatsika anawauza mayi kuti, "Amayi, muwauze ana anu kuti tsopano akhoza kutumiza yotsala ija." Ndinatumiza tsiku lomwelo, ndipo tinapangana kuti mvula ikadzatha adzabwere kudzachotsa felemu ya zenera ija.