Sabata ya ma intavyu, ndi foni ya amayi aku tchalitchi

Lolemba ndafika ku ntchito ndapeza mulu wa mafayilo pa desiki, a matron andiika m'gulu losankha manesi oti alowe kozi ya anaesthetic nurse. Ndifotokoze kaye poti abale akumudzi amasokoneza, kuno ku Joni nesi sagonetsa wodwala payekha ayi. Amagonetsa ndi dokotala, ife timakhala pambali pake kukonza mashini, kutunga mankhwala, kumupatsira chubu, maso ali pa monitor. Kwathu ntchito yogonetsayo ambiri oigwira ndi ma clinical officer omwe anaphunzira anaesthesia ngati aja aku Queens, ku America ndiye kuli ma CRNA, manesi ogonetsa ndithu, koma sukulu yake sulowa usanagwireko ku ICU chaka chathunthu.

Masiku awiri oyamba anali a mapepala basi. Amene sanalipire SANC, bungwe lolembetsa manesi kuno, chaka chino fayilo pambali, amene anaphunzira kunja tione za SAQA, bungwe loyeza mapepala a sukulu zakunja, zotopetsa koma zachangu.

Lachiwiri usiku ndikuvundula nsima foni ija ngrii, amayi ena omwe timapemphera limodzi ku Yeoville. Moni wautali, ana ali bwanji, kumudzi mvula bwanji, kenaka eti asisi mwana wa achemwali anga waika nawo fomu kwanuko, mumuonereko, kuno ku Joni m'bale wako ndi mMalawi mnzako. Nsima mpaka inachita mibulu. Amayiwa anandisungapo miyezi iwiri nditangofika ndilibe ndi bulangete lomwe, ndiye kuwakanira sikophweka. M'mawa ndinangowauza a matron kuti mtsikana uyu akamalowa ine ndituluka, asandifunsenso maganizo pa iye.

Intavyu yathu si ya pa tebulo pokha. Timawalowetsa mu fiyeta yopanda wodwala nkuwauza kuti mayi akubwera wa siza, dokotala abaya spinal, jakisoni wa kumsana wochititsa dzanzi kumunsi, konzekani. Wina anabwera CV yonyezimira, chizungu chake ngati wa pa wailesi, mlingo wa propofol, mankhwala ogonetsa, anaulakatula osapuma. Koma suction, makina okoka masanzi ndi malovu kukhosi, sanaiyatse nkomwe. Ndinangolemba pa pepala langa. Mayi woyembekezera timamutenga ngati m'mimba ndi modzadza olo anene kuti sanadye, spinal ikakanika nkufunika kumugonetsa atha kusanza, zikalowa m'mapapo mwamupha, nthawi imeneyo suction yosayesa mukaifuna kuti?

Kenaka kunalowa wina wachete, wa ku wodi ya opaleshoni, nsapato zakutha kuchidendene. Sanayankhule zambiri. Anayatsa suction nkutseka kukamwa kwa paipi ndi chala kuti amve ngati ikukoka, anatsegula laryngoscope, chida choonera kukhosi polowetsa chubu, kuona ngati babu ikuwala, anapita kuseri kwa mashini kukatsegula silinda ya okosijeni yapadera ija ambiri amaiwala kuti iliko. Anaika phenylephrine, mankhwala okweza BP, pafupi poti spinal imagwetsa BP. Ndiye anafunsa yekha kuti mayiyu wadya liti, paja chakudya ndi maola 6, madzi maola 2. Adokotala atamufunsa za malignant hyperthermia, vuto loopsa lotentha thupi lobwera ndi mankhwala ena ogonetsa, anati mlingo wa dantrolene, mankhwala ake, sindiusunga pamutu koma ndikudziwa kabati yomwe imakhala ndipo ndikuwa kuti anthu abwere. Ine mumtima ndinati uyu ndiye.

Funso lomwe ndimalikonda ndi ili: dokotala wamkulu wanyamula scoline, jakisoni wolefula minofu, iwe waona mu fayilo kuti m'bale wa wodwala anachedwa kupuma yekha atamubaya yomweyo, utani? Ena amati ndikauza sister opaleshoni ikatha. Ikatha! Checklist ya WHO, mndandanda wa zoti tifunsane mu fiyeta pa opaleshoni iliyonse, inabwera mu 2008 cholinga chake china ndi chomwecho, kuti olo wamng'ono athe kunena kuti taimani kaye. Koma ife tinaleredwa kuti wamkulu sawuzidwa, ineyo zinanditengera zaka kuti pakamwa patseguke.

Lachisanu tinakangana heve, wina wa ku ofesi akufuna wa chizungu uja poti amakhoza mayeso, ine ndi adokotala tili pa wachete uja. Mapeto onse awiri analowa, kaya. Mwana wa kwathu uja ndinangoona dzina lake pa waiting list, akuti waphonya pang'ono, zaka zake mu fiyeta ndi zochepa.

Lamulungu amayi aja anandipatsa moni wa nsonga za zala, nkhope ili kumbali. Madzulo ake mtsikanayo wandilembera yekha pa WhatsApp, eti anti musadandaule, ingondiuzani ndiwerenge chani chaka chamawa. Ndamuuza apemphe a unit manager ake amuike ku recovery, kotsitsimukira odwala akachoka ku opaleshoni, miyezi ingapo, ndipo Loweruka abwere kunyumba ndi kope, tiyambira pa suction.