Class 2 yatuluka, zikomo nonse

Abale ndi alongo a kuno ku Harare ndi a kumudzi, laisensi ija ya Class 2 yatuluka. Mayeso a pamsewu ndinakakhoza ku VID (nthambi ya boma yoyesa madalaivala) ya ku Eastlea, tsopano ndine wololedwa kuyendetsa thiraki. Ndati ndithokoze pagulu, chifukwa amene anandithandiza ndi ambiri ndipo ena sadziwa n'komwe kuti anachita zazikulu.

Ndiyambe ndi inu malume a ku Mufakose. Moyo wanu wonse munathera pa msewu wa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, koma pa ukalamba wanu munalolera kumataya masana a Lamlungu muli nane m'misewu ya ku Southerton, nthawi imene mafakitale atseka ndipo msewu uli mbee. Kusukulu ya madalaivala anandiphunzitsa zokhozera mayeso: kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo osagunda, kunyamuka pachitunda galimoto osatsetsereka. Zimenezo n'zofunika, sindikuzinyoza. Koma kuyendetsa kwenikweniko ndinakupeza kwa inu.

Ndinu amene munandiletsa kuyang'ana dzanja posintha giya. Munkangoti, "Iwe, maso kutsogolo, khutu ku injini." Thiraki yakale ija imene munkabwereka kwa anzanu sinkalola zachibwana: kuponda kilatchi, kutulutsa giya, kusiya, kupondanso kenako n'kulowetsa, ndipo potsitsa giya kuwonjezera kamoto pang'ono kuti injini igwirizane ndi liwiro la matayala. Ukaphonya nthawi, giyabokosi imakukuta mano mpaka alonda a pageti amatembenuka. Munandiphunzitsanso kudikira mpweya udzaze m'matanki ndisananyamuke, poti mabuleki a thiraki amadalira mpweya, komanso kusankha giya yotsika ndisanayambe kutsetsereka, osati ndili kale pakati pa phiri. Zoika pa nyutulo potsika kuti usunge dizilo munkazida koopsa, ndipo mukayamba kunena za misewu yotsetsereka ya m'mapiri ngati Christmas Pass ya ku Mutare ndi Boterekwa ya ku Shurugwi, phunziro linkasanduka ulaliki.

Ena ankandiuza kuti ndikuvutikiranji, mathiraki atsopano amasintha okha magiya. Ine ndimati ayi. Pitani mukaone amene amatula mbatata ndi kabichi ku Mbare Musika m'mamawa, kapena onyamula njerwa ndi mchenga, muone ngati woyamba kumene angapatsidwe yatsopano. Amene wazolowera kilatchi akhoza kukwera iliyonse.

Mayi a kunyumba, ndalama zanu za tomato ndi zimene zinalipira maphunziro ambiri. Panali masabata amene ndiwo zinali masamba okhaokha, simunadandaule pamaso pa ana. Zikomo kwambiri mayi.

Amayi a Mvano a ku tchalitchi kwathu ku CCAP, mapemphero anu ndi kangachepe kamene munasonkha kanandifikitsa ku mayeso. Achimwene a ku Epworth, buku la malamulo a pamsewu limene munandibwereka ndikubwezerani, ngakhale lathaitha ndithu. Alamu, inu amene munkandifunsa zikwangwani usiku magetsi atazima, tochi ya foni ili m'manja, Mulungu akudalitseni.

Chatsala ndi satifiketi ya defensive driving (maphunziro a kuyendetsa mopewa ngozi) ya ku Traffic Safety Council of Zimbabwe, poti mabwana ambiri amaifunsa. Pakadali pano, amene mungamve za malo a dalaivala, kaya wothandizira wa maulendo ataliatali, makamaka njira ya ku Malawi, munditsine khutu. Loweruka likubwerali kunyumba kuli nsima ndi nkhuku. Malume, ndidzabwera kudzakutengani ndekha.