Mmene Nthondo anandiperekezera ku digiri ya masters

Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Mtima wofuna kupitiriza sukulu unandigwira ndili kale ndi ana atatu komanso amayi okalamba pakhomo, ndiye zosiya ntchito panalibe. Njira inatsala imodzi: kuphunzira pa intaneti, usiku, choko chili m'zikhadabo. Ndinasankha yunivesite ya Unisa ya ku Pretoria, yomwe yakhala ikuphunzitsa anthu akutali kuyambira 1946, nthawi imene zonse zinkayenda pa positi. Chinanso chinandikopa nchakuti wotchi ya ku South Africa ndi ya kuno zimayenda pamodzi, moti msonkhano wa 3 koloko masana ndi 3 koloko yathu yomweyi.

Ntchito yoyamba ndi mapepala, ndipo musaidelere. Digiri yochokera kunja kwa South Africa imayamba yapimidwa ndi bungwe la SAQA, lomwe limanena mlingo umene ikugwerapo. Masters imafuna honours (digiri ya pakati pa digiri yoyamba ndi masters) kapena digiri yofanana nayo, pa mlingo wachisanu ndi chitatu wa maphunziro a ku South Africa, umene amati NQF 8. Ine ndinayenera kuyamba ndi honours. Poyamba zinandiwawa, ndinkaona ngati andibweza m'mbuyo, koma lero ndimathokoza chifukwa kumeneko nkomwe ndinaphunzira kuwerenga ngati wofufuza. Konzani satifiketi, transcript ndi pasipoti, mudindise makope ake kwa loya, kenako muwasikane bwinobwino. Zojambula ndi foni, chithunzithunzi cha chala chili pakona, zimangokuchedwetsani.

Pa honours mpamene ndinakumana ndi zimene amati world literature, zolembedwa za dziko lonse. Mawuwa anawatchukitsa ndi Goethe wa ku Germany mu 1827, atawerenga nkhani ya ku China yomasuliridwa, nkuona kuti anthu akutaliwo amaganiza ndi kukonda monga anthu akwawo. M'masiku athu ano David Damrosch, m'buku lake la mu 2003, akuti cholembedwa chimakhala cha dziko lonse chikatuluka kwawo nkumawerengedwa kwina, kaya m'chiyankhulo chake kaya chomasuliridwa. Tinawerenganso za mu 1968 ku Nairobi, pamene Ngũgĩ wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba analemba kalata yopempha kuti dipatimenti ya Chingerezi ya pa yunivesite ya kumeneko ithe, zolembedwa za mu Africa zikhale pakati, zina zonse ziziwonedwa kuchokera pamenepo.

Usiku umene ndinawerenga kalatayo tulo sitinabwere. Ndinali nditawerenga za ku India, za ku Caribbean, za ku Nigeria, zonse zokoma, zina zondigwetsa misozi. Koma funso linkangondiluma ngati nsabwe ya m'chovala: nanga zathu zili kuti? Masana ndikuphunzitsa ana a Fomu 3 nthano, miyambi ndi ndakatulo za Chichewa, usiku ndikuwerenga za dziko lonse ngati kuti Dedza ili kunja kwa dzikolo.

Yankho ndinalipeza kwa aphunzitsi ena opuma, bambo achikulire a mu Sinodi ya Nkhoma, omwe ndinkapita kukawaona Loweruka. Nditawafotokozera, anangoti, "Aphunzitsi, tadikirani." Analowa kuchipinda nkutuluka ndi jumbo yakuda yomanga ndi mphira wa njinga. M'katimo munali Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mapepala atafiira, ngodya imodzi chiswe chitadya. Anandipatsa ndi manja awiri. "Muliwerenge, koma libwere. Ndi la malemu abambo anga."

Bukuli linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi zikhalidwe za mu Africa. Chaka chotsatira m'busa wa ku Scotland, T. Cullen Young, analitulutsa m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, mawu otsogolera atalemba Julian Huxley. Taonani: mphunzitsi wa ku Nkhoma, wolemba m'Chinyanja, akuwerengedwa ku Britain zaka 24 Chinua Achebe asanatulutse buku lake loyamba mu 1958. Ngati muyeso ndi ulendo wa buku, ili linayenda kalekale. Ndipo pa tsamba loyamba la Chingerezilo akunena poyera kuti Young sanangomasulira, anasanjanso. Anasanja chiyani, chifukwa chiyani, pofuna kukondweretsa yani? Bwanji dzina la munthu mmodzi, Nthondo, linasanduka dzina la kontinenti yonse? Mutu wa kafukufuku wanga unabadwira pamenepo, pakhonde, tikumwa thobwa.

Pa masters palibe kalasi ya tsiku ndi tsiku. Umalembetsa uli ndi chithunzi cha zimene ukufuna kufufuza, akakulandira amakupatsa okuyang'anira, ndipo gawo loyamba lonse limathera pa proposal, yomwe ndi pulani ya kafukufuku wako. Yanga yoyamba inali yadyera: ndinkafuna kulemba za mabuku onse a Chichewa ndi kumasulira kwake. Adokotala ondiyang'anira anandiyankha mofatsa kuti nditenge buku limodzi ndi kumasulira kwake kumodzi, ndikumbe pomwepo mpaka madzi atuluke. Anali ndi nzeru. Iwo Chichewa sachidziwa, choncho ndime iliyonse imene ndinkagwiritsa ntchito ndinkayenera kuimasulira ndekha liwu ndi liwu, nkuika pambali pa ya Young. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndiyo inali mtima wa zonse. Nthawi zina liwu limodzi linkandidyera madzulo athunthu. Tayesani kufotokozera munthu wa ku Pretoria tanthauzo la "mbumba" m'chiganizo chimodzi, osataya malume, osataya mudzi, osataya manda.

Za ndalama ndinene mosabisa. Fizi imalipiridwa mu randi, ndipo mu Novembala 2023 kwacha itatsika ndi 44 peresenti, zimene ndinasunga zinasungunuka m'manja. Ndinagulitsa matumba a soya omwe ndinkadikira nawo mtengo, mlamu wanga wa ku Johannesburg anandilipirira gawo lina, ine nkumapatsa akazi ake makwacha kuno. Ngati muli ndi m'bale wokhulupirika kumeneko, kambiranani msanga, musadikire sabata yomaliza.

Zina zonse ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku. Ndinkadzuka 3 koloko m'bandakucha, netiweki ili phee, nkukopera nkhani zonse za pa JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za ofufuza, zomwe laibulale ya sukulu imatsegula, kuti masana ndiziwerenga popanda bandulo. Magetsi akazima, kasola kakang'ono kankasunga laputopu kwa maola awiri. Tsiku lina laputopuyo inafa ndi mutu wachitatu wonse, ndinakhala pansi pamkeka osayankhula mpaka mkazi wanga anachita mantha. Kuyambira pamenepo chilichonse ndimadzitumizira pa imelo ndisanagone. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Zotero inandisungira mndandanda wa mabuku, ndipo ndisanatumize mutu uliwonse ndinkadziwa kuti udzadutsa pa Turnitin, pulogalamu yogwira mawu okopera kwa ena, choncho mawu a mwini ndinkawalemba ndi tsamba lake nthawi yomweyo, osati mawa.

Chovuta kuposa zonsezi ndi kusungulumwa. Pasukulu pathu panalibe wina woti ndingakambe naye za Damrosch pa nthawi ya tiyi. Chinandipulumutsa ndi kagulu ka pa WhatsApp ka ophunzira asanu: awiri a ku South Africa, mayi wina wa ku Zimbabwe wofufuza mabuku a Chishona, mnyamata wa ku Lesotho, ndi ine. Lamlungu lililonse madzulo aliyense ankatumiza masamba awiri, ena nkumudzudzula mwachikondi. Mnyamata wa ku Lesotho uja ndiye anandikumbutsa kuti Chaka, buku la Chisotho la Thomas Mofolo, nalonso linatulukira ku mishoni nkumasuliridwa m'Chingerezi mu 1931. Mutu wanga wachiwiri unatseguka tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti Ntara sanayende yekha njira imeneyi.

Nditatumiza dissertation, buku lonse la kafukufuku wanga, kwa oyesa, ndinakwera njinga kukabweza buku la eni. Ndinalikuta ndi pepala latsopano, koma jumbo ndi mphira ndinazisiya momwemo. Bambo aja analitembenuza, nkufunsa, "Ndiye azunguwo amumva Nthondo?" Ndinati, "Bambo, amumva, ngakhale mwina ndi mwina ndinachita kumuyankhulira." Anagwedeza mutu, nkuitana mdzukulu wawo wa Fomu 2 kuti akhale pansi awawerengere tsamba loyamba, poti maso awo anayamba kuchita chifunga.