0.44 imeneyi sikunena za munthu mmodzi

Akati heritability ya maganizo a ndale ndi 0.44, akutanthauza chiyani? Mtima wakhala pansi, tsopano zamveka. Heritability si gawo la maganizo amene munthu mmodzi anabadwa nawo ayi. Imanena za kusiyana kwa anthu m'gulu limene likufufuzidwa, kuti pa kusiyanako ndi kochuluka bwanji kumene kukuyenderana ndi majini.

Tengani kafukufuku wa Alford, Funk ndi Hibbing wa 2005. Anagwiritsa ntchito mayankho a mapasa a ku America pa nkhani 28 za m'ndandanda wa mafunso a ndale wotchedwa Wilson-Patterson, monga chilango cha imfa, kuchotsa mimba ndi kupemphera m'sukulu. Pa muyeso umene 1 ndiye kugwirizana kotheratu, mapasa a dzira limodzi anagwirizana pafupifupi 0.65, a mazira awiri 0.43. Mukachotsera mupeza 0.22, mukachulukitsa ndi 2 ndi 0.44, heritability ija. Nanga 2 wachokera kuti? A dzira limodzi majini awo ndi amodzi, a mazira awiri amagawana pafupifupi theka, ndiye mpata wa 0.22 ukungoonetsa theka la mphamvu ya majini. Za pakhomo ndi 0.65 kuchotsapo 0.44, kutsala 0.21. Yotsalayo, 1 kuchotsapo 0.65, yomwe ndi 0.35, ndi zimene aliyense wakumana nazo payekha, ndipo zolakwika za mafunso zimabisala momwemo.

Njira imeneyi, yotchedwa ya Falconer, ndimaikonda kwambiri, mwina kupyola muyeso. Pensulo ndi kapepala basi. Aphunzitsi ena amathamangira ku ACE model (njira ina yopezera magawo atatu omwewa) mu pulogalamu ya pakompyuta ya OpenMx, ophunzira n'kumangokopera manambala osadziwa kuti 2 uja akutani, teremu n'kutha.

Poterera pali pawiri. Njirayi imayesa kuti mitundu yonse iwiri ya mapasa imaleredwa mofanana, pomwe ofanana nkhope kawirikawiri amavekedwa zofanana n'kumacheza ndi anzawo amodzi. Zimenezi zikhoza kukweza 0.65, majini n'kuoneka amphamvu kuposa mmene alili. Katswiri wa za ndale Evan Charney anatsutsira kafukufukuyu pomwepa mu 2008. Kwinaku anthu amakonda kukwatirana ndi ogwirizana nawo pa ndale, choncho mapasa a mazira awiri akhoza kufanana majini kuposa theka, zimene zimakweza 0.43 n'kutsitsa heritability. China chikukokera kumwamba, china pansi.

Chimene chikundivutabe ndi chipani. M'kafukufuku yemweyo, chipani chimene munthu amatsatira chinaoneka chochokera kwambiri pakhomo, majini pang'ono chabe. Ndiye majiniwo akugwira chiyani kwenikweni, maganizo a ndale enieniwo kapena khalidwe lina la pansi, monga kuopa zachilendo? Pamenepa kuchotsera ndi kuchulukitsa sikukundiyankha.