Modemu imene inagwirizana ndi kompyuta yathu ya Linux

Mu 2001 ku ofesi kwathu kunabwera kompyuta yamphamvu yoyendera Linux, ndipo ntchito yoilumikiza ku intaneti kudzera pa waya wa telefoni inagwera ine. M'kabati munali mamodemu atatu, zipangizo zolumikizira kompyuta ku waya wa telefoni.

Ndinayamba ndi yatsopano, yolowetsa m'kati mwa kompyuta pa malo otchedwa PCI, poti pabokosi pake analembapo liwiro la 56K. Ndinaiika, kuyatsa kompyuta, koma zii. Tsiku lonse linathera pamenepo. Madzulo ndi pamene ndinatulukira kuti inali ya mtundu uja amati Winmodem: ntchito yambiri imaisiyira purosesa ya kompyuta kudzera mu pulogalamu yolembedwera Windows. Pa Linux yathu inangokhala chitsulo chabe. Zinandiwawa, chifukwa ndalama zinali zitapita kale.

Zina ziwirizo zinali zakunja, zolumikiza ndi chingwe cha serial, mano 25 ku modemu ndi 9 ku kompyuta. Modemu yotere imadzigwirira yokha ntchito, sisankha kuti kompyutayo ikuyendera chiyani. Ndinatsegula minicom, pulogalamu yolankhulira ndi modemu, n'kusankha polowera chingwe /dev/ttyS0, amene pa Windows ndi COM1, n'kuika liwiro pa mabiti 115200 pa sekondi. Nditalemba AT, lamulo loyesera ngati modemu ikumva, yoyamba mwa ziwirizo inayankha OK, timagetsi take tikuphethira. Mtima unakhala pansi.

Koma inali ya K56flex yokha, imodzi mwa njira zofikira liwiro la 56K. Mu 1997 njira imeneyi inkalimbana ndi x2 ya U.S. Robotics, ndipo ziwirizi sizinkamvana mpaka ITU, bungwe la padziko lonse loona za matelefoni, itakhazikitsa njira imodzi ya onse, V.90, mu 1998. Kampani yotipatsa intaneti inali pa V.90, choncho modemuyi inkangofika 33600 basi.

Yachitatu inali U.S. Robotics Sportster, fumbi lili mbuu. Ndinalemba ATI7, lamulo loti ionetse njira zimene imadziwa, ndipo pamndandanda panaoneka V.90. Poimba ndi lamulo la ATDT inakana, ati NO DIAL TONE, kutanthauza kuti sikumva kulira kwa pa waya, chonsecho telefoni inkalira bwinobwino ndikaika kukhutu. Ndinaipatsa ATX3, lamulo loti iimbe osadikira kulira kuja. Kenako kunamveka phokoso lija lotswiii, ndipo CONNECT inatuluka, liwiro litadutsa 40000. Pa waya wathu wakalewo, 56000 sitinaionepo.

Lamulolo ndinalisunga ndi AT&W kuti lisafufutike modemu ikazima. Pomaliza ndinamata kapepala pamwamba pake kouza anzanga kuti mvula ya ziphaliwali ikayamba azizula waya wa telefoni, osati wa magetsi wokha, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso.