Kalata ija yabwera, ndikupita ku Atlanta

Abale anga, ndaisunga mumtima sabata yonse koma ndalephera kupirira. Anditenga ku Emory University, mumzinda wa Atlanta ku America, kukachita madigiri awiri a masters pakamodzi: ya unamwino ndi ya zaumoyo wa anthu onse, yomwe amati MPH. Maphunziro ena amawerengedwa mbali zonse ziwiri, ndiye nthawi yake imachepa kusiyana n'kuchita iliyonse payokha.

Amayi atamva anangofunsa kuti, "Ndiye usiya kubaya jakisoni?" Ayi amayi, sindisiya.

Chinandikankha ndi kolera ija inayamba mu 2022, yomwe inapha anthu oposa 1,700 kuno ku Malawi. Ndinali mutenti ya odwala, nditavala magambutsi, manja akununkha kolorini. Mwana wina tinamuika diripu usiku wonse mpaka maso olowa aja anabwerera. Patangotha masiku ochepa anabweretsa mlongo wake, kenako agogo ake. Onsewo ankamwa pachitsime chimodzi. Ine ndimadziwa kupeza mtsempha ngakhale mumdima, koma kutsata komwe matenda akuchokera, kuwerenga ziwerengero n'kutsimikizira akuluakulu kuti pakufunika mjigo, zimenezo sindinaphunzire.

Masamu a biostatistics, owerengera ziwerengero za zaumoyo, akundiopsa kale, ndisaname, ndinawasiya kalekale. Chosangalatsa n'chakuti likulu la CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, lili pafupi penipeni ndi sukuluyi.

Amene muli ku Atlanta, ufa woyera mumaugula kuti? Ndiuzeni msanga ndisanalongedze chikwama.